Funsani Malume: ku Murshidabad kuli chani choti munthu nkukaona?

Mwezi uno makalata ambiri abwera okhudza ku India, ena ochokera kwa ana athu amene ali pa sukulu ku Kolkata, ena kwa amene anapita kukadikirira odwala, ndiye ndasankha amene akufunsa za mzinda umodzi wakale wa ku Bengal, Murshidabad. Mafunso ena ndawadula poti anali ataliatali, musandikwiyire.

FUNSO: Malume, ine ndili chaka chachiwiri pa koleji ina kuno ku Kolkata. Anzanga a mkalasi akuti holide ikubwerayi tipite ku Murshidabad tikaone nyumba ya zitseko 1000, ine mtima unali ku Darjeeling kumapiri koma thumba lakana. Ndiye kumeneko kuli zoti munthu nkuonongera ya sitima kapena ndi nyumba imodzi yomweyo basi? Mnyamata wa ku Ndirande, ali ku Kolkata

Mphwanga, pita. Koma usapite ndi maganizo a anzakowo oti mukajambulitse pa masitepe a Hazarduari, nyumba ya zitseko 1000 ija, mudye mpunga kenako mukwere sitima yobwerera, mukatero ndiye ndalama yapitadi pachabe.

Udziwe kaye kuti Kolkata imene ukuiona ngati chimzinda cha Bengal yonseyo inakula mochedwa. Isanakule, ufumu ndi ndalama zinali ku Murshidabad. Panali mkulu wina, Murshid Quli Khan, wotolera misonkho wa mfumu Aurangzeb ya ma Mughal, iyeyu cha m'ma 1704 anasamutsa ofesi yake kuchoka ku Dhaka nkukakhala m'mbali mwa mtsinje wa Bhagirathi, mzinda nkutenga dzina lake. Pofika 1717 anali Nawab, kutanthauza wolamulira dera lonselo, ndipo ma Nawab obwera pambuyo pake ankalamulira Bengal, Bihar ndi Orissa ali pamenepo, mfumu ya ku Delhi ankangoitumizira gawo lake la msonkho basi. Mtsinjewo ndi womwewo umauoloka pa Howrah Bridge, kungoti kumusi kwanuko umatchedwa Hooghly. Robert Clive yemwe, mkulu wa asilikali a Angerezi amene anaugwetsa ufumuwo, atalowa mumzindamo anauyerekeza ndi London pa kukula, kuchuluka kwa anthu ndi chuma. Lero ukafika upeza ka tawuni kabata, mbuzi mumsewu, ngolo za mahatchi, nkumadabwa kuti zonse zija zinapita kuti.

Tsono Hazarduari ija. Anayamba kuimanga mu 1829 nkumaliza 1837, nthawi ya Nawab Humayun Jah, pulani anajambula ndi mzungu, Duncan MacLeod, msilikali wa zomangamanga. Werengera wekha apa, nkhondo ya Plassey imene ma Nawab anataya nayo mphamvu inali 1757, ndiye kuti chinyumbachi chinamangidwa patadutsa zaka zoposa 70 zinthu zili kale m'manja mwa Angerezi, ma Nawab atatsala ndi dzina ndi penshoni. Nchifukwa chake ukaiona imaoneka ya ku Ulaya, zipilala zikuluzikulu kutsogolo, masitepe otambalala, utoto wachikasu. Ndi yokongola sindikukana, ya nsanjika zitatu, zipinda 114, ndipo zitseko zija zina ndi zabodza, anangoumba maonekedwe a chitseko pakhoma, amati kuti wachiwembu akamathawa azisokonezeka. Pano ndi myuziyamu, amayang'anira ndi a Archaeological Survey of India, mkati muli malupanga, mfuti zakale, zishango, machila onyamulira akuluakulu, mipando yokhalira pamsana pa njovu, zithunzi za ma Nawab ndi mabwanamkubwa a Chingerezi, ndi chinyale cha magalasi cholendewera mu holo imene ankachitira bwalo. Lachisanu amatseka, uwauze anzakowo asanagule matikiti a sitima. Komanso iweyo ngati mlendo tikiti yako yolowera ikhala yokwera kuposa ya anzako aku India, ndi mmene zilili pa malo onse a boma oterewa, usakakangane nawo pa geti. Foni mwina akuuza usiye panja, kujambula mkati amavuta nako.

Moyang'anizana ndi nyumbayi pali Nizamat Imambara, chinyumba choyera chachitali cha Asilamu a Shia, anachimanga mu 1847 chakale cha Nawab Siraj ud-Daulah chitapsa ndi moto. Chimenechi nthawi zambiri umangochionera panja, chimatsegulidwa kwenikweni pa Muharram, mwezi woyamba pa kalendala ya Chisilamu. Pakati pa ziwirizi pali kamzikiti kakang'ono ka Madina, nsanja ya wotchi, ndi chimfuti chotchedwa Bachhawali Tope chimene ma guide amakonda kunena kuti chinaombedwa kamodzi kokha azimayi oyembekezera nkupita padera ndi phokoso lake. Umve ngati nthano, usalembe mu assignment.

Ukamaliza apo ndiye ulendo weniweni wayamba. Kwera toto, ndi tinjinga ta mawilo atatu toyendera batire, upite ku Katra Masjid, kummawa kwa tawuni. Uwu ndi mzikiti wa njerwa umene Murshid Quli Khan mwini wake anamanga mu 1723 ndi 1724, mozungulira muli tizipinda tambiri tokhalamo owerenga Korani, chivomerezi cha 1897 chinagwetsa mbali ya denga ndipo pa nsanja zinayi zinatsala ziwiri. Chimene ndikufuna ukaone ndi pansi pa masitepe olowera. Manda a mkuluyu ali pamenepo, anachita kusankha yekha kuti aikidwe poti aliyense wolowa kukapemphera azidutsa pamwamba pake. Munthu amene anatcha mzinda dzina lake, amene eni minda olephera kupereka msonkho ankamuopa koopsa, wagona pansi pa masitepe. Kwa ine pamenepa pamaposa zitseko 1000 zija kutalitali. Pafupi pomwepo pali chimfuti china, Jahan Kosha, anachisula ku Dhaka mu 1637 mmisiri Janardan Karmakar, cholemera matani oposa 7, nchoti ungoima mphindi zochepa nkupitirira.

Kenako uoloke mtsinje pa boti upite ku Khosh Bagh, tsidya la kumadzulo. Ambiri sapitako poti kulibe zonyezimira, ndi munda wokhala ndi mpanda, muli manda a Alivardi Khan amene analamulira 1740 mpaka 1756, ndi a mdzukulu wake Siraj ud-Daulah, Nawab womaliza kulamulira osauzidwa zochita ndi Kampani ya Angerezi, ndi a mkazi wa Siraj, Lutfunnisa, amene anakhala zaka zambiri akusamala manda a mwamuna wakeyo mpaka naye anaikidwa pomwepo. Manda a Siraj ndi osavuta, ukapanda kuuzidwa sungadziwe kuti apa pagona munthu amene anali ndi Bengal yonse. Anzako aku Bengal aja ukapite nawo kumeneku uone mmene akhalire chete, nkhani ya Siraj amaidziwa kuyambira ku pulayimale.

Motijheel, nyanja yokhota ngati mwezi watsopano imene ankakhala Ghaseti Begum, mayi ake aakulu a Siraj amenenso anamupangira chiwembu, pano boma linakonzapo paki. Ngati nthawi yatha mutha kuidumpha.

FUNSO: Malume tandithandizeni, Bengal ndi India kapena Bangladesh? Ndili ndi viza ya India yokha, sandibweza panjira? Bambo wa ku Kasungu

Ndi konse kuwiri bambo. Mu 1947 Angerezi pochoka anaidula pakati, kumadzulo kunakhala West Bengal mu India, kummawa kunapita ku Pakistan kenako mu 1971 nkukhala Bangladesh. Murshidabad ili mbali ya India ndiye viza yanuyo yakwana. Chosangalatsa nchoti boma la Murshidabad lili ndi Asilamu ambiri kuposa Ahindu, moti masiku oyambirira a ufulu mu Ogasiti 1947 anthu ankaganiza kuti ali mu Pakistan ndipo mbendera yake inakwezedwa, malire ogawa India ndi Pakistan atalengezedwa pa 17 Ogasiti ndi pomwe zinadziwika kuti agwera ku India. Malire a Bangladesh ali pafupi, cha ku mtsinje wa Padma, kumeneko musamayendeyende chisawawa ndi kamera, asilikali a m'malire saseka. Pasipoti izikhala mthumba.

FUNSO: Ndimaphunzitsa History ku sekondale ina. Ndinawerengapo kuti ku Plassey asilikali 3,000 anagonjetsa 50,000, zikutheka bwanji zimenezi? Nanga malowo alipobe oti munthu nkukafika? Mphunzitsi, Mzimba

Aphunzitsi, manambala mwawerengawo ndi omwe mabuku ambiri amapereka, koma nkhondoyo inatha isanayambe, anaimalizira m'nyumba za anthu olemera a ku Murshidabad ndi Calcutta, dzina lakale la Kolkata.

Siraj analowa ufumu mu 1756 ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, wamtima wapachala, ndipo anayambana ndi pafupifupi aliyense wofunikira. Anayambana ndi Angerezi a East India Company poti ankalimbitsa linga lawo ku Calcutta osapempha komanso ankazemba msonkho pogwiritsa ntchito ziphaso za malonda molakwika, anakawalanda Calcutta mu Juni 1756, Clive nkudzailandanso mu Januwale 1757. Anayambana ndi Mir Jafar, mkulu wa asilikali ake. Choopsa kwambiri anayambana ndi banja la Jagat Seth, a chipembedzo cha Jain, amene anali ngati banki ya dziko lonselo, ndalama za msonkho zopita ku Delhi zinkadutsa m'manja mwawo, kosulira ndalama ankayendetsa ndi iwo, ngakhale makampani a azungu ankakongola kwa iwo. Anthu amenewa anagwirizana ndi Clive kuti Siraj achoke, Mir Jafar akhale pampando.

Ndiye pa 23 Juni 1757, pa Palashi, dzina limene Angerezi analipotoza nkukhala Plassey, gawo lalikulu la asilikali a Nawab amene anali pansi pa Mir Jafar ndi anzake linangoima nkumaonerera. Amene anamenyadi ndi ochepa, a Mir Madan, a Mohan Lal ndi kagulu ka Afalansa a mizinga. Masana kunagwa chimvula, onga wa Nawab unanyowa pomwe Angerezi anali ataphimba wawo ndi matenti, Mir Madan poganiza kuti mizinga ya adani nayonso yafa analowerera nkuphedwa, Siraj anauzidwa kuti abweze asilikali ndipo anathawa. Mbali ya Kampani ophedwa ndi ovulala onse pamodzi sanafike 100. Siraj anagwidwa cha ku Rajmahal akuthawa, anabwera naye ku Murshidabad nkumupha pa 2 Julayi molamulidwa ndi Miran, mwana wa Mir Jafar.

Ana anu muwauzenso zotsatira zake poti ndi pomwe pali phunziro la History. Mir Jafar analipira Kampani ndi akuluakulu ake ndalama zankhaninkhani, zitamuthera anamuchotsa mu 1760 nkuika mkamwini wake Mir Qasim, ameneyo atayamba kulimba mutu anamuchotsanso nkubwezeretsa Mir Jafar mu 1763, ndipo chaka chomwecho Mir Qasim anapha akuluakulu a banja la Jagat Seth aja. Mu 1765 mfumu Shah Alam II inapatsa Kampani mphamvu yotolera msonkho wa Bengal, Bihar ndi Orissa, 1770 kunagwa njala imene inapha anthu mamiliyoni msonkho ukutoleredwabe, ndipo mu 1772 bwanamkubwa wa Kampani, Warren Hastings, anasamutsira mosungira chuma ku Calcutta. Murshidabad inayamba kufota kuyambira pamenepo. Ku Bengal mpaka lero munthu ukamutchula Mir Jafar wamutukwana.

Zokaona zilipo. Palashi ili pa njanji yomweyo yochokera ku Kolkata, musanafike ku Murshidabad, makilomita pafupifupi 50 kummwera kwake, koma musayembekezere zambiri, pali chipilala cha chikumbutso ndi minda basi, mtsinje unasuntha nkudya mbali ya malowo. Kwa mphunzitsi zabwino zili mu tawuni momwemo, chipata chogumuka cha nyumba ya Mir Jafar chimene anthu amachitcha Namak Haram Deorhi, chipata cha wachiwembu, manda a banja lake ku Jafarganj, ndi nyumba ya a Jagat Seth ku Mahimapur imene pano ndi myuziyamu. Mukatsika kummwera pang'ono ku Cossimbazar, komwe azungu ankagulira silika, kuli manda a Adatchi ndi a Angerezi, mkazi woyamba wa Warren Hastings anaikidwa kumeneko, ndipo ku Saidabad kuli tchalitchi cha anthu a ku Armenia cha m'ma 1750. Ku Berhampore nako, tawuni yapafupi kummwera, ndi komwe mu Febuluwale 1857 asilikali a chimwenye a Kampani anakana zipolopolo zatsopano zimene anapatsidwa, kuukira Angerezi kwakukulu kwa chaka chimenecho kusanabuke.

FUNSO: Assalam alaikum malume. Ndili kuno ku Kolkata kudikirira bambo a kunyumba amene akulandira thandizo ku chipatala, adokotala atipatsa masabata awiri tisanabwererenso. Timafuna tikapitidweko mphepo. Ku Murshidabad chakudya cha halal chimapezeka? Nanga odwala angakwanitse? Mayi wa ku Mangochi

Wa alaikum salaam mayi, Mulungu awachize bambowo. Za halal musadandaule, dera limenelo Asilamu ndi ambiri, malo odyera ndi mizikiti yoswalira zili paliponse, mungofunsa. Ma Nawab ambiri anali a Shia nchifukwa chake muona ma Imambara, koma anthu wamba ambiri ndi a Sunni ngati kwathu. Chakudya ndi mpunga, nsomba za mumtsinje, ndiwo za mphodza, zophikira mafuta a mpiru amene fungo lake limayamba ladabwitsa, tsabola muwauze achepetse. Nsima iwalani kaye.

Koma za odwalawo funsani adokotala kaye, ndipo musayesere kupita ndi kubwera tsiku limodzi, sitima yokha ndi maola anayi kapena asanu ulendo umodzi. Hazarduari ili ndi masitepe ambiri, kukwera boti la ku Khosh Bagh nako nkotsetsereka. Ngati bambo ali ofooka mutenge toto ya tsiku lonse izikusiyani pakhomo penipeni, muone Katra Masjid m'mawa kusanatenthe, madzulo mukhale m'mbali mwa mtsinje, zakwana. Madzi a m'botolo okhaokha, ndipo ngati adokotala analetsa shuga muwabisire chhanabora, switi yakuda ya mkaka wowundana yokazinga imene ku Berhampore amanyadira nayo, ndi yotsekemera mopweteka mutu.

FUNSO: Malume ine ndimapanga geni ya nsalu, ndimapita ku India kukaoda. Ndamva kuti silika wa ku Murshidabad ndi wapamwamba, ndipite? Komanso akuti kuli mango osowa, ndingabwere ndi mbewu? Asisi a ku Limbe

Asisi, silikayo ndi zoona, ndi amene anakokera Angerezi, Adatchi ndi Afalansa kudera limenelo kalekale, ndipo mpaka pano anthu amaweta mbozi zake ndi kuluka pamanja m'madera ngati Jiaganj, Islampur ndi Mirzapur. Yodziwika ndi garad, sari yoyera ya mkombero wofiira imene azimayi achihindu amavala pa mapemphero. Sari imodzi ndi mamita opitirira 5, telala wabwino atha kutulutsamo diresi ndi duku, koma ndi yopepuka, siyomanga mchiuno tsiku ndi tsiku, ndiye ganizirani kaye makasitomala anu ngati angalipire mtengo wake. Ogulitsa pafupi ndi Hazarduari amadikirira alendo, ena amasakaniza ndi polyester. Funani chizindikiro cha Silk Mark, kapena pemphani kaulusi muotche, silika weniweni amanunkha ngati tsitsi lopserera nkusanduka phulusa lofumbutuka, wabodza amasungunuka nkuuma kabulungwa. Ndipo musadalire kuti amwenye amene munazolowerana nawo ku Limbe akulozerani njira, ambiri a iwo makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwenikweni, Bengal ndi kummawa, chiyankhulo china, kadyedwe kena.

Chinthu chimodzi musakhudze ndi minyanga ya njovu. Murshidabad inkatchuka ndi osema minyanga, pano malondawo ndi oletsedwa ku India ndipo kwathu kuno mukudziwa kale kuti ndi ndende. Amisiri ambiri anasinthira ku mtengo wa sandalwood ndi shola, kamtengo ka m'dambo koyera mkati kopepuka, zoseme zake ndi zokongola ndipo palibe amene akugwireni nazo.

Mango aliko mitundu yambirimbiri, ma Nawab ankalimbirana minda yake, wotchuka ndi Kohitoor amene amamusunga mu thonje nkumamutembenuza kuti asabvulale, ena amachita kumudula ndi kampeni ka nsungwi. Nyengo yake ndi Meyi mpaka Julayi. Kadyereni komweko, mbewu ndi zipatso sizilowa mdziko popanda chilolezo cha a zaulimi, komanso mango otere amafalitsidwa pomezanitsa, njere yake siibereka chimodzimodzi.

FUNSO: Kafikidwe kake nanga? Ndipo mwezi wabwino ndi uti? Ambiri mwafunsa limeneli

Kuchokera ku Kolkata ndi makilomita pafupifupi 200 kumpoto. Sitima za njanji ya Sealdah kupita ku Lalgola ndi zomwe mukwere, Bhagirathi Express imanyamukira pa Sealdah, Hazarduari Express pa Kolkata station, onetsetsani nthawi pa intaneti poti zimasintha. Mutsikire pa Murshidabad, dera la nyumba ya ufumu anthu amalitcha Lalbagh, toto mukaiuza choncho ikufikitsani. Mahotelo abwinoko ambiri ali ku Berhampore, makilomita 10 ndi pang'ono kummwera. Imbani kaye muwauze kuti ndinu mlendo wochokera kunja, lamulo limafuna kuti hotelo ilembe mlendo aliyense wakunja pa fomu ya boma ndiye timaloji tina tating'ono timangokana kuti tisavutike, zofika usiku nkumayendayenda ndi chikwama sizabwino.

Pitani pakati pa Novembala ndi Febuluwale. Epulo ndi Meyi kumatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala kuonjezapo chinyontho chomata thupi, Juni mpaka Seputembala ndi mvula, mtsinje umadzadza. Tengani ma rupee a pamanja, eni ake amalipira pa foni koma inu opanda akaunti ya ku India zimavuta, ndipo toto ndi ngolo ya hatchi mugwirizane mtengo musanakwere. Ku mizikiti ndi ku akachisi nsapato zimavulidwa, valani zoyenera. Konzekaninso kuyang'anidwa, munthu wakuda kumeneko sawoneka kawirikawiri ndiye ena azipempha selfie, mukatopa nazo kukana ndi ufulu wanu.

Amene muli ndi tsiku lachiwiri pitani kumpoto pang'ono, ku Kathgola kuli nyumba ndi munda wa amalonda a chi Jain ndi kachisi wa Adinath, kenako muoloke ku Jiaganj kupita Azimganj nkufika ku Baranagar. Kumeneko kuli akachisi anayi oyang'anizana otchedwa Char Bangla, anamangitsa ndi Rani Bhabani wa ku Natore cha m'ma 1750, madenga ake okhota motengera nyumba za udzu za kumudzi ku Bengal, makoma odzadza ndi zithunzi zoumba pa dothi lootcha, nkhondo za mu Ramayana, nkhani yakale ya Ahindu, milungu, anthu osaka nyama. Bengal ilibe miyala yambiri ndiye luso lonse analiika pa njerwa. Kulibe malo odyera ambiri kumeneko, tengani madzi ndi kamba, ndipo mufunse nthawi ya boti lomaliza musanaoloke.